Chingwe cha a Blackson

Alamu anga a Blackson ankalalikira ndi chingwe. Alaliki ena amagwira ndodo, ena amangokweza mawu mpaka makanda kudzidzimuka kumsana, koma iwo Lamulungu lililonse ankalowa m'tchalitchi chathu chaudzu atakoleka chingwe paphewa, ngati munthu amene mbuzi yamuthawa. Ine ndinkawaseka pamaso pawo. Mlamu amasekedwa ndithu, ndipo ine Rhoda kusunga mawu m'kamwa sindinakuphunzire, kupatula tsiku limodzi lokha, limene ndikufuna kukuuzanili.

Chingwecho chinali cha kuntchito. M'chaka cha 1927 mzungu wa esiteti yathu, kumtunda kwa Luchenza, anayamba kugwetsa thengo kuti adzalemo tiyi. A Blackson, poti anaphunzirako ku mishoni ndipo manambala ankawadziwa, anawaika kukhala wachingwe. Chingwe chake chinali ndi mfundo zotalikirana mofanana. Amachikoka kuchokera pachikhomo ichi kukafika pachikhomo icho, pa mfundo iliyonse n'kuzikapo kamtengo, ndipo pakamtengopo ndi pamene amuna ankakumba dzenje la mbande. Mizere yonse ya tiyi imene mukuiona kutsidya uko inayamba ndi chingwe chimenecho.

M'tchalitchi ankamanga mbali imodzi pamzati wa pakhomo, inayo pamzati wa kutsogolo, n'kuyamba.

"Inu mumayesa Baibulo ndi dengu la nthano eti? Lero Yosefe, mawa Yona, mkucha Danieli, aliyense payekhapayekha. Iyayi. Ndi nkhani imodzi basi."

Akatero ankagwira chingwe cha kukhomo kuja n'kunena kuti uko ndi kumunda woyamba, kumene Mulungu ankayenda limodzi ndi anthu. Anthu anamuthawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mfundo iliyonse ndi phazi la Mulungu akulondola anthu ake. Ankayenda pang'onopang'ono chala chili pachingwe: apa Nowa, apa Abrahamu, apa Mose, apa Davide. Mfundo ya pakati, imene inada ndi manja awo, inali mtanda wa Yesu. Akafika pamzati wa kutsogolo ankaumenya ndi chikhatho n'kunena kuti apa ndi pamzinda wotsiriza, pamene Mulungu adzakhalenso pakati pa anthu ake n'kuwapukuta misozi yekha ndi dzanja lake.

"Cholinga chake ndi chimodzi," ankatero. "Akufuna anthu ake abwerere, akhale nawo. Zonse zachitika pansi pano, za mafumu ndi za ife amphawi, zikukokedwera kuchikhomo ichi."

Ifeyo ndi Alomwe. Ine ndi mng'ono wanga tinathawa kwa Apwitikizi tili atsikana, mitolo ili pamutu, ndipo mayi athu tinawasiya m'manda a eni ake tisanawoloke n'komwe Ruo. Kuno tinapeza malo, koma malo ake olipira ndi msana, poti aliyense wokhala padothi la mzungu ankagwira thangata. Ndiye tsiku lina ndinawafunsa tikutuluka, "Alamu, ndi thangata lomwe lili pachingwe chanucho?"

"Njerwa za ku Iguputo zilipo, alamu," anandiyankha. "Thangata lingalephere bwanji?"

Ndinawauza kuti ali ndi yankho la chilichonse ngati sing'anga wanjala. Koma ndikuuzeni zoona, chingwe chija ndinkachikonda. Munthu ukataya dziko lako ndi manda a mayi ako, zimatonthoza kumva kuti sunangogwa m'thumba lobowoka, kuti ulendo wako nawo uli ndi kumene ukupita.

Mkazi wa a Blackson ndi mng'ono wanga Teleza. Anakhala pabanja zaka zitatu wopanda mwana, anthu n'kumanong'onezana kuchitsime. Kenako m'nyengo yozizira ya 1926 anachira, mwana wamkazi, wochepa ngati chimanga chosakhwima. Kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, ndipo mwamuna saloledwa kulowamo, angakhale bambo wake. A Blackson ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito n'kuima kuseri kwa khoma, khutu lili padothi, kumvetsera mwana akulira. Anamumva masiku atatu. Tsiku lachinayi sanamve kanthu.

Mwana wofera m'chikuta timati mtayo. Si maliro. Samulira, sakhoma bokosi, samuika kumanda kwa anthu, ndipo amuna sapitako kapena kuuzidwa malo ake. Timapita amayi okhaokha, kukumba kadzenje kosazama n'kubwerako ngati tachokera kotola nkhuni. Akuluakulu amati mayi wake akalira kapena kutchula za mwanayo, mimba imatsekeka, saberekanso. Amene anamunyamula mwanayo ndi ine, m'kansalu kanga kakuda. Tinamuika kumusi kwa mudzi, patsinde pa chulu, pafupi ndi mtengo wa msuku umene unali ndi nthambi yothyoka. Pobwerera ndinamugwira Teleza pakamwa ndi dzanja langali njira yonse.

A Blackson tinangowauza kuti zalephereka. Anagwedeza mutu, natenga chikwanje chawo n'kupita kuntchito. Anali Mkhristu wa m'buku, inde, koma analinso mkamwini wolemekeza mwambo wa amayi, ndipo sanafunse ngakhale kuti anali mwana wanji.

Teleza sanalire. Koma ndinkamuona akamapita ku nkhuni, njira yake inali yodzera kuchulu kuja nthawi zonse, ngakhale nkhuni zinali mbali ina. Ankafika, kuzula udzu uwiri utatu, kuima pang'ono, n'kupitirira. Chimenecho n'chokhacho chimene anatsala nacho cha mwana wake, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali dala.

Chaka chotsatira nkhwangwa zinayandikira mudzi wathu. Mzungu anali ataona kuti anthu amakana kudula mitengo ya kumanda, ndipo sankafuna mkangano. Ndiye anatuma kapitawo wake, a Jonas, kuti auze a Blackson azungulire malo onse a kumusi, paliponse pali manda azikepo nsungwi yomangirira kansanza, amuna odula apalambalale. Limenelo linali Lachitatu masana, ife tikusenda chinangwa pakhonde, ine ndi Teleza. A Blackson anafika ali thukuta lokhalokha, nsungwi zitatu zotsala zili m'manja.

"Alamu," anatero, "manda aakulu ndazikapo, ndi aja a banja la a Douglas kumtsinje. Inu mwakhalitsa pano kuposa ine. Palinso pena pagona munthu?"

Ndinamva mpeni wa Teleza utasiya kusenda. Ndinamuona akukweza mutu, milomo ikutseguka. Ndinatambasula dzanja kunsi kwa lichero n'kumutsina pantchafu mwamphamvu, mpaka chikhadabo kulowa.

"Manda ndi omwe mukuwadziwawo," ndinatero. "Palibenso."

Sindinaname, mwa kuwerenga kwathu. Mtayo si manda. Ndinkaganiza za mimba ya mng'ono wanga, ndinkaganiza za amayi a kuchitsime aja, ndipo mumtima ndinadzinyenga kuti mzungu sangalimbane ndi chulu, achisiya. A Blackson anathokoza, natsamiritsa nsungwi zitatu zija pankhokwe. Zinakhala pamenepo mpaka chiswe chinazidya, ine ndikuziona tsiku ndi tsiku.

Mzungu analimbana nacho chulu. Amuna makumi anayi anadula mitengo, anazula zitsa, anatentha, kenako anagumula zulu zonse ndi makasu n'kumwaza dothi lake. Pofika mwezi wa Okutobala, kuchokera kumapeto kwa mudzi mpaka kumtsinje kunali dothi lofiira lokhalokha, losalala ngati bwalo lozira. Kenako anabwera alamu anga ndi chingwe chawo, akuimba nyimbo za m'tchalitchi, n'kuzika timitengo tawo mzere ndi mzere. Teleza anasiya kupita ku nkhuni. Anasiyanso kudya bwino, ndipo mwamuna wake ankamufunira mankhwala a malungo.

Mvula itagwa mu Disembala, amayi tonse anatiitana kukasenza mbande kuchokera ku nazale kupita kumunda watsopano. Tinayenda pamzere, madengu ali pamutu. Titafika pamalire a munda, Teleza anaima. Amene anali m'mbuyo mwake anamuwomba, koma iye sanasunthe. Anatula dengu n'kukhala pansi m'matope.

"Iwe mayi, nyamuka!" a Jonas anakuwa. "Mbande zifota izo! Wachingwe, tabwera udzaone mkazi wako!"

A Blackson anabwera akuthamanga, chingwe chikukwekwereka m'mbuyo. Anagwada pambali pake. Ine ndinali nditafika kale, ndipo dzanja langa linapita lokha pantchafu paja, koma ulendo uno Teleza analigwira n'kulikankha.

"Sindingapondemo, bambo," anatero. Mawu ake anali otsika, ngati akunena za mchere kuti watha. "Mwana wanu ali m'menemu. Mwamukhomera zikhomo pamutu."

Sindidzaiwala nkhope ya alamu anga. Anayang'ana munda, anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwawo, kenako anayang'ana ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa, poti ine kukalipirana ndimakudziwa.

"Ndinakufunsani, alamu," anatero.

"Munafunsa manda."

"Ndinafunsa pamene pagona munthu."

Iwo anati masiku onsewo ankaganiza kuti tinamuika m'mphepete mwa manda aakulu, pansi pa mitengo imene anaiteteza ndi nsungwi yoyamba, ndipo kuti poizika nsungwiyo anapemphera chamumtima poganiza kuti mwana wawo ali pafupi.

A Jonas anali munthu waukali, koma nawonso anaikapo ana. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Tandionetsani malo ake. Ndikalankhula ndi bwana, tisiyapo maenje anayi osadzala. Mzere umodzi kupunduka si mlandu." Mtima wanga unadumpha, ndinati Mulungu watikonzera. Ndinamudzutsa Teleza, ndipo atatu tinalowa m'munda, iye akuyenda monyang'ama.

Tinafuna tsiku lonse. Ine ndinkati chulu chinali moyang'anana ndi nyumba ya a Douglas, Teleza ankati ayi, chinali kumusi pang'ono, poti pochokera kumeneko madzi a mumtsinje ankamveka. Koma mitengo itachoka madzi ankamveka paliponse. Tinafuna chitsa cha msuku, zitsa zonse anazula. Tinafuna dothi lotuwa la chulu, analimwaza munda wonse ndipo mvula inalisakaniza. Paliponse pamene tinaima panali pofanana ndi pamene tachoka: kamtengo, dzenje, kamtengo, dzenje, zoongoka bwino kwambiri, ntchito ya alamu anga yosapezeka chilema. A Blackson ankatitsata m'mbuyo n'kumangofunsa kuti, "Apa? Kapena apa?" Dzuwa litapendeka a Jonas anabwera, natiyang'ana. Anati bwana sangasiye munda wonse, ndipo m'mawa mwake mbande zinalowa m'maenje onse.

Madzulo a tsiku lofunalo tinakhala pakhonde atatu, mapazi ali matope, opanda woganiza zosonkha moto. Teleza ndiye anayamba.

"Bambo, chingwe chanu chija. Mumati aliyense alipo. Abrahamu alipo, ife othawa nkhondo ya msonkho ya Apwitikizi tilipo, thangata lilipo. Nanga wanga uja ali pa mfundo iti? Dzina analibe. Madzi a ubatizo sanamukhudze. Maliro sanalire munthu. Tsopano ndi malo omwe alibe. Kwa anthu sanawerengedwe, kwa Mulungu wanuyo anawerengedwa?"

Ndinadikira yankho, poti munthu uyu sanasowepo yankho. Anapotokola nsonga ya chingwe.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. Kenako anafunsa, osatiyang'ana, "Anali mwana wanji?"

"Wamkazi," ndinayankha ine.

Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kukhoma lija ankaikapo khutu, ndipo tinawamva akusisima. Ine ndinadzida tsiku limenelo kuposa mmene ndinadera Mpwitikizi aliyense.

Lamulungu ndinkaganiza kuti salalikira. Anthu onse anali atamva, ndipo tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi, poti tsoka la mnzako limaitana anthu kuposa belu. Koma analowa ndi chingwe chawo, chili ndi matope ofiira a m'munda muja, n'kuchimanga m'mizati monga mwa masiku onse. Anayambira kukhomo. Munda woyamba, Nowa, Abrahamu. Mawu ankatuluka ouma, ngati mwana wa sukulu akubwereza zoloweza. Anadutsa mtanda, nayenda mapazi angapo, n'kuima pakati pa mfundo ziwiri, pachingwe posalala popanda kanthu.

"Abale," anatero, "ine ndakhala ndikukuonetsani mfundo. Ndimazikonda mfundo poti zili ndi maina, ndipo munthu wodziwa maina amaoneka wanzeru. Sabata ino andifunsa za munthu wopanda dzina, ndipo ndalephera. Ine wachingwe ndataya mwana wanga m'munda umene ndinayeza ndekha. Ndimadziwa maenje ake onse kuchuluka kwake, koma pamene pagona mwana wanga sindikupadziwa."

Anagwira chingwe ndi manja awiri.

"Kuchokera kwa Mose kufika kwa Davide anabadwa anthu angati amene m'buku mulibe? Ana angati a ku Iguputo anatayidwa m'madzi, maina awo osalembedwa? Chingwe chinadutsa pa iwo chimodzimodzi. Sindinamuone mwana wanga, ndinangomumva masiku atatu kudzera m'khoma. Koma ngati zili zoona kuti Mulungu wakhala akulondola anthu ake kuyambira kumunda woyamba, ngati anafika mpaka polowa m'manda Iye mwini kuti akawatulutse, ndiye kuti pamene ine sindikupadziwa Iye akupadziwa, ndipo tsiku lomaliza adzayenda m'mizere ya tiyiyo n'kuima pamalo pake penipeni osafunsa munthu. Ngati sakupadziwa, chingwechi n'chomangira mbuzi, ndipo ndakunamizani zaka zonsezi. Ine sindingakutsimikizireni. Ndangogwira basi, poti ndikasiya ndigwa."

Atatero anamasula chingwe kumzati wa kutsogolo kuti chilefuke, n'kumanga mfundo yatsopano pamalo posalala paja. Anachita kubwereza kawiri.

"Dzina ndinali nditamukonzera," anatero. "Ndi Lestina."

Apo ndi pamene Teleza analira. Sikunali kulira kwa m'tchalitchi kopukuta ndi nsonga ya nsalu, kunali kwa maliro enieni, kumene kunakhala m'chifuwa mwake chaka ndi theka. Anagwa chafufumimba pakati pa amayi akuitana dzinalo mobwerezabwereza, ngati akuliyesa mkamwa. Amayi awiri achikulire anadumpha kuti amutseke pakamwa, mmodzi akunong'ona kuti, "Mugwireni, adzitsekera mimba!" Ine ndinaima pakati pawo ndi iye. Ndinawauza kuti amene amukhudze ayambe wathana ndi ine, ndipo poti mbiri ya manja anga ankaidziwa, anabwerera pamalo pawo. Kenako ndinakhala pansi, ndinaika mutu wake pamiyendo panga, ndipo ndinalira naye, ine amene ndinamunyamula Lestina m'nsalu yanga osagwetsa msozi.

Lolemba m'mawa chingwe chinayenera kubwerera kuntchito, ndipo mfundo yowonjezera ikanasokoneza mizere ya mzungu. Ndinawaona alamu anga atakhala pamwala kunja kusanatenthe, akuimasula ndi mano. Lamulungu lotsatira anaimanganso. Anachita zimenezo sabata ndi sabata mpaka minda yonse inatha kuyezedwa, ndipo chingwecho chitaleka ntchito a Jonas anawapatsa. Tsopano mfundoyo simasulidwanso. Ine ndinasiya kuwaseka za mbuzi, ndipo iwo sanandikumbutsepo za nsungwi zitatu zija, ngakhale tsiku limodzi. Kukhululukidwa ndi munthu wosakalipa n'kowawa, ndikuuzeni.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Teleza sanaberekenso. Amayi a kuchitsime amati n'chifukwa cha kulira kuja, ndipo mlandu amaupereka kwa ine amene ndinawaletsa kumugwira. A Blackson amati zimenezo si za Mulungu. Ine sindikudziwa. Ndinamutseka pakamwa kuti abereke, tinataya manda. Ndinamusiya kuti alire, mimba sinabwere. Lamulungu ndimakhalabe kutsogolo n'kumayang'ana chala cha alamu anga chikuyenda kupita kumzati wotsiriza, ndipo masiku ena ndimakhulupirira ndi mtima wonse, masiku ena ndimangofuna zitakhala zoona.

Tiyi uja anakula, tsopano timathyola. Munda wa kumusi anthu saukonda poti ndi wotsetsereka, koma Teleza amapempha kapitawo kuti azimutuma kumeneko. Dengu lake limadzaza mochedwa kuposa la wina aliyense, ndipo atsikana ongoyamba kumene ntchito amamuseka kuti amayenda ngati waponda minga. Sadziwa. Ine ndimakhala mzere woyandikana naye ndipo ndimaona mapazi ake. Amaika chala pansi kaye, kenako chidendene, pang'onopang'ono, mmene mayi amayendera m'nyumba mwana akagona. Poti sadziwa kuti ndi pati, amatero munda wonse.